Muyeso Umodzi kwa Olemera ndi Osauka: Chilungamo cha Mayeso a Madokotala a Ziweto

Funso lakuti munthu aweruzidwe potengera zimene wakwanitsa, kapena potengera zimene anapatsidwa kuti agwirire ntchito, ndi lakale kwambiri pakati pa akatswiri a zaumulungu ndi a filosofi, amene ndi maphunziro ofufuza maziko a choonadi ndi a makhalidwe, ndipo limaonekera bwino pamene ophunzira udokotala wa ziweto a pa sukulu yosowa zipangizo akukonzekera mayeso owapatsa chilolezo chogwirira ntchito. Ophunzira otere amakumana ndi mafunso ofanana ndi amene anzawo a pa sukulu zolemera amakumana nawo, chonsecho kawirikawiri iwo amakhala ataphunzira mosinthana pa maikulosikopu imodzi, atawerenga usiku pa kuwala kwa foni magetsi atazima, ndiponso ataphunzitsidwa ndi aphunzitsi ochepa amene aliyense amasenza mtolo wa anthu angapo. Mtima wachifundo umafulumira kunena kuti oyesa atsitseko muyeso kaamba ka mavuto amenewa, ndipo maganizo otere si opusa, pakuti ali ndi mizu m'Malemba ndi m'chikhalidwe cha Achewa. Komabe pali chifukwa chachikulu chokanira kutsitsa muyesowo, ndipo chifukwacho chili kutali ndi chipinda cholembera mayeso, m'makola a alimi a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa.

Maphunziro a udokotala wa ziweto ndi atsopano ndithu m'Malawi. Kwa zaka pafupifupi 50 chilandirire ufulu wodzilamulira mu 1964, dziko lino linalibe sukulu yakeyake yophunzitsa madokotala a ziweto a digiri, ndipo Amalawi ochepa amene anafika pa udindowu anakaphunzira kunja, ena ku Zambia pa sukulu ya Samora Machel imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Japan, ena ku Kenya, ku Tanzania, ku Zimbabwe kapena ku Ulaya. M'dziko muno munkaphunzitsidwa alangizi ndi othandizira a zaumoyo wa ziweto, ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu ndi ku Natural Resources College ku Lilongwe, ndipo iwowa ndiwo anthu akumudzi amawatchula kuti a vetenale. Zinthu zinasintha pamene koleji ya Bunda inachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala maziko a Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, yodziwika mwachidule kuti LUANAR, imene inayamba ntchito mu 2012 ndipo posakhalitsa inatsegula maphunziro a udokotala wa ziweto, moti gulu loyamba linatsiriza mu 2019. Sukulu yongoyamba kumene chotere, m'dziko limene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imadalira ndalama zakunja pogula mankhwala oyezera magazi, zida za opaleshoni ndi mabuku, ndipo n'chifukwa chake funso la chilungamo cha mayeso likukhudza Amalawi mwachindunji.

Lamulo la dziko lino la 2001 loona za madokotala a ziweto ndi owathandizira limafuna kuti aliyense wogwira ntchitoyi alembedwe m'kaundula wa bungwe la Board of Veterinary Surgery, ndipo njira yolowera m'kaundulamo imadutsa pa mayeso. Anthu ambiri amaona chiphaso ngati mphotho ya khama la wophunzira, malipiro a zaka zimene wavutika ndi za ndalama zimene makolo ake anataya pogulitsa fodya ndi mbuzi. Mbiri ya ntchitoyi imasonyeza kuti cholinga chake n'china. Sukulu yoyamba ya udokotala wa ziweto inatsegulidwa ku Lyon m'dziko la France ndi Claude Bourgelat kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1760, panthawi imene mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unkapulula makola a ku Ulaya pamene ochiza ziweto osadziwa kanthu ankadyera alimi masuku pamutu. Mliri womwewo unalowa mu Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, unafika kumpoto kwa Nyanja ya Malawi mu 1892, ndipo dziko lapansi linalengeza kuti watheratu mu 2011 pokhapokha, katemera wa Walter Plowright atagwira ntchito kwa zaka zambiri. Chiphaso chinabadwa kuti mlimi, amene sangathe kuyesa yekha nzeru za munthu wobwera ndi jakisoni pakhomo pake, akhale ndi mboni yodalirika yomuuza kuti munthuyo amadziwa chimene akuchita. Motero chiphaso ndi lonjezo limene boma limapereka kwa mlimi, ndipo wophunzira amangonyamula lonjezolo.

Boma la Ntchisi, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 317,000, ndi dera la alimi ang'onoang'ono olima chimanga, soya, mtedza ndi fodya, ndipo kwa ambiri a iwo chiweto ndicho nkhokwe ya ndalama. Nkhuku imagulitsidwa mwana akadwala, mbuzi imalipira sukulu, nkhumba imagula feteleza, ndipo ng'ombe ziwiri zokoka ngolo m'misewu ya ku Malomo, ku Nthondo kapena ku Mponela ndizo zimanyamula zokolola, njerwa ngakhalenso mayi wodwala kupita naye kuchipatala. Mabanja ena analandira ng'ombe zamkaka kudzera m'ndondomeko yopatsirana ziweto, imene banja loyamba limapereka mwana wang'ombe wamkazi woyamba kubadwa kwa banja lina, kotero kuti ng'ombe yotere ikafa isanaswe, mabanja awiri kapena atatu amaluza nthawi imodzi. Anthu amenewa sakhala nawo pamene aphunzitsi akukambirana ngati wophunzira wopereweza pang'ono angakhululukidwe, komatu iwo ndiwo adzalipire mtengo wa chigamulocho.

Chimene mayeso amayesa chimamveka bwino munthu akayang'anitsitsa nthenda imodzi. Mwana wang'ombe wa mtundu wa Friesian akasiya kuyamwa, n'kumangoima mutu uli pansi, mwini wake amangodziwa kuti chiweto chadwala. Dokotala wophunzitsidwa bwino amayamba wayeza kutentha kwa thupi, ndipo akaona kuti kwapitirira madigiri 40 amapapasa kunsi kwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa kufuna mwanabere wotupa, amatembenuza khutu kuti aone nkhupakupa zofiirira zimene zimakonda kuluma pamenepo, ndipo amamvetsera mapapo ngati ayamba kudzaza madzi. Kenaka amabaya mwanabereyo ndi singano, amapaka timadzi take pa kagalasi, amathira utoto wa Giemsa, n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati muli kachilombo ka Theileria parva kamene kamayambitsa nthenda ya East Coast fever. Nthendayi imafanana pa zizindikiro zina ndi matenda ena ofalitsidwa ndi nkhupakupa, monga aja ofiiritsa mkodzo ndi aja ochititsa ng'ombe kuzungulirazungulira, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo a East Coast fever, otchedwa buparvaquone, ndi okwera mtengo ndiponso amathandiza kwambiri akaperekedwa msanga. Dokotala amene sanaphunzire kusiyanitsa matendawa amabaya mankhwala wamba ophera mabakiteriya, amalandira ndalama ya mlimi, ndipo patapita masiku ochepa chiweto chimafa thovu likutuluka m'mphuno. Kachilomboko sikachepetsa ukali wake chifukwa choti dokotalayo anaphunzira pa sukulu yosauka, ndipo mfundo yonse ya nkhani ino yagona pamenepa.

Ngakhale zili choncho, mbali ya chifundo iyenera kumvedwa mokwanira, pakuti ili ndi mboni zolemera. Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1700, anaphunzitsa kuti munthu sangalamulidwe kuchita chimene alibe mphamvu yochitira, ndipo ngati wophunzira sanaonepo kachilombo ka Theileria pa maikulosikopu chifukwa sukulu inalibe utoto woyezera, n'kovuta kumuimba mlandu akalephera kukazindikira pa mayeso. Fanizo la matalente la pa Mateyu 25 limasonyeza mbuye amene anagawira antchito ake chuma chosiyana malinga ndi mphamvu zawo, ndipo anayamikira mofanana wantchito amene anapindula zambiri ndi amene anapindula zochepa, popeza onse awiri anakhulupirika pa zimene analandira. Chaputala 12 cha Luka nachonso chimaphunzitsa kuti Mulungu amafuna zambiri kwa amene anam'patsa zambiri. M'chaka cha 1976 akatswiri awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, anakambirana za chimene anachitcha mwayi wa m'makhalidwe, kutanthauza kuti anthu amatamandidwa kapena kudzudzulidwa pa zinthu zimene mbali yaikulu sanazisankhe okha, monga banja limene anabadwira ndi nthawi imene anakhalamo. Mwana wa ku Chinthembwe amene anaphunzira sekondale yoyendera yopanda labotale, n'kufika ku yunivesite ndi ngongole ya boma yosakwanira chakudya ndi malo ogona, anayambira mpikisano kumbuyo kwenikweni, ndipo aliyense wonena kuti kulephera kwake ndi ulesi chabe akunama.

Kusamvana kumeneku kumatha pokhapokha munthu akazindikira kuti pali mabwalo awiri oweruza, amene amafunsa mafunso osiyana. Bwalo loyamba limafunsa ngati munthu ali ndi mlandu, ndipo limayang'ana mtima, khama ndi mwayi umene anapatsidwa. Limeneli ndi bwalo la Mulungu, ndipo pansi pano chikumbumtima, banja ndi mpingo zimayesa kuliyimirira. Bwalo lachiwiri limafunsa ngati munthu ali wokhoza ntchito imene miyoyo ya ena idzadalire, ndipo silingayang'ane china koma luso lenilenilo. Wophunzira angathe kutuluka wopanda mlandu m'bwalo loyamba, ngakhale kutamandidwa kumene chifukwa cha kupirira kwake, koma n'kupezeka wosakonzeka m'bwalo lachiwiri, ndipo zigamulo ziwirizi sizitsutsana. Cholakwa cha anthu ouma mtima ndicho kutenga chigamulo cha bwalo lachiwiri n'kuchiyesa cha loyamba, moti wolephera mayeso amamuona ngati munthu wachabe. Cholakwa cha anthu achifundo ndicho kutenga chigamulo cha bwalo loyamba n'kuchilowetsa m'lachiwiri, moti munthu wabwino amam'patsa chiphaso cha luso limene alibe. Chiphaso chotere chili ngati sikelo ya venda wogula soya imene yasinthidwa mwachinyengo: nambala imaoneka yolondola, koma woberedwa ndi mlimi yemweyo, ndipo buku la Miyambo limatsutsa kangapo konse miyeso yonyenga monga chinthu chimene Mulungu amanyansidwa nacho.

Pali wina amene alibe mawu konse pa nkhaniyi, ndiye chiweto chenichenicho, ndipo chiphunzitso cha makolo a Achewa chimanena za iye momveka kuposa mmene ambiri amaganizira. Nthano ya chilengedwe ya pa Kaphirintiwa, phiri la m'nkhalango ya Dzalanyama, imene wofufuza Matthew Schoffeleers analemba ndi kuisanthula, imati Chauta, anthu ndi nyama anatsikira pamodzi pa thanthwe ndipo ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zambiri zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu kuti aziteteze. Tanthauzo la nthanoyi ndi lozama, chifukwa imaika ziweto pa malo a othawa ngozi amene anadzipereka m'manja mwa yemwe anayambitsa ngoziyo, ndipo mwa mwambo wa Achewa wothawira pakhomo pa munthu amakhala mlendo woyenera kutetezedwa. Malemba a Chikhristu amagwirizana ndi zimenezi: chaputala 12 cha Miyambo chimazindikiritsa munthu wolungama ndi mmene amasamalira moyo wa chiweto chake, lamulo la Mose limaletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu, buku la Yona limatha Mulungu akuwerengera ziweto za ku Nineve pakati pa zifukwa zochitira mzindawo chifundo, ndipo Yesu anakumbutsa omutsutsa kuti iwo omwe amavuula ng'ombe yogwa m'chitsime ngakhale pa Sabata. Asilamu nawonso amasunga mbiri ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu. Jeremy Bentham wa ku England, polemba mu 1789, anafika pa mfundo yomweyo popanda kudalira chipembedzo, ponena kuti chimene chimapatsa nyama ufulu woganiziridwa ndi kutha kwake kumva ululu. Choncho amene amatsitsa muyeso wa mayeso pochitira chifundo wophunzira amakhala atachotsa chifundocho kwa cholengedwa chimene sichingadandaule.

Ndiponso nkhani ya ziweto siithera pa ziweto. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ambiri a iwo atalumidwa ndi agalu, ndipo munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro sachira. Njira yotsimikizika yochithetsera ndiyo kubaya katemera agalu osachepera 70 pa 100 alionse, monga bungwe la Mission Rabies lakhala likuchitira ku Blantyre kuyambira 2015. Woyeza nyama pamsika amene sazindikira timibulu toyera ta njoka za m'mimba m'nyama ya nkhumba amathandiza kufalitsa kachilombo kamene kakafika m'bongo wa munthu kamayambitsa khunyu, ndipo mkaka wa ng'ombe yodwala chifuwa chachikulu, kapena ya ng'ombe imene yangobayidwa kumene mankhwala, umalowa m'mimba mwa ana. Dokotala wa ziweto ndi mlonda wa thanzi la anthu amene sadzamuona n'komwe.

Ena amatsutsa mfundoyi m'dzina la umunthu, chiphunzitso chakuti munthu amakhala munthu weniweni mwa ubale wake ndi ena, chimene akatswiri a zaumulungu a ku Malawi monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima anachifotokoza mwakuya. Iwo amati mphunzitsi wa umunthu sangalole mwana wa mnzake kubwerera kumudzi chimanjamanja patapita zaka zonsezo, ndipo kum'kankhira pang'ono kuti adutse ndiko kukhala munthu. Kumeneku n'kuchepetsa umunthu kuti ukwane anthu okhawo amene ali pafupi ndi maso. Umunthu weniweni umawerengeranso mayi wamasiye wa kwa Kasakula amene ali ndi mbuzi zitatu zokha, ngakhale mphunzitsi sadzamudziwa dzina, ndipo ukangotumikira amene ali pafupi umasanduka kukondera. Dziko lino linaona mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalitsidwa, kuti chinyengo pa mayeso chimalanga kwambiri ophunzira oona mtima, ndipo chimachotsa mtengo ngakhale pa ziphaso zimene zinapezedwa mwachilungamo. Sukulu yatsopano ndiyo iyenera kuopa zimenezi koposa, pakuti mbiri yake ikali kumangidwa, ndipo madokotala ochepa osadziwa ntchito angachititse alimi ndi olemba ntchito kukayikira onse otuluka pa sukuluyo kwa zaka zambiri.

Koma kukana kutsitsa muyeso sikumasula amene ali ndi udindo wopezera sukulu zofunika, ndipo apa mpamene ambiri okonda kulankhula za muyeso wokhwima amakhala chete. Ngati mlandu suli pa wophunzira, ndiye kuti uli pena pake, chifukwa utoto woyezera ndi ng'ombe zophunzirira sizisowa zokha. Ku United States ndi ku Canada omaliza maphunziro amalemba mayeso otchedwa NAVLE, a mafunso 360, ndipo bungwe lovomereza sukulu kumeneko limayembekeza kuti ophunzira osachepera 80 pa 100 alionse a sukulu iliyonse akhale atakhoza pofika nthawi yotsiriza maphunziro; sukulu ikamaperewera pamenepa, iyo ndiyo imafunsidwa mafunso. Nzeru ya dongosolo limeneli ndi yakuti mayeso amodzi omwewo amayesa wophunzira ndi sukulu yomwe, ndipo kupyolera mwa sukulu amayesanso amene amaipatsa ndalama. M'Malawi gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likupita ku zipangizo zotsika mtengo za ulimi wa chimanga, kuyambira ndondomeko ya 2005 mpaka ya AIP imene inayamba mu 2020, pamene madibi ambiri osambitsira ng'ombe anasiya kugwira ntchito boma litachepetsa thandizo lake m'zaka za m'ma 1990. Dziko limene lasankha chotero silingadabwe ophunzira ake akamafika pa mayeso asanagwirepo ng'ombe zokwanira. Aristotle anaphunzitsa kuti pali nzeru ina imene siipezeka m'mabuku koma m'kuchita mobwerezabwereza, ndipo kudziwa ngati ng'ombe ili ndi bere mwa kupisa mkono m'thupi mwake, kapena kutembenuza mwana wang'ombe amene wapingasa pobadwa, ndi nzeru ya mtundu umenewu. Kuyesa munthu pa luso limene sanapatsidwe mpata wolichita, kenaka n'kumusiya asenze yekha manyazi a kulephera, ndi tchimo la anthu onse amene anagawa chuma cha dziko.

Oyesa nawonso ali ndi mlandu wawo woti ayankhe, wakuti muyeso wawo ukuyesa zoyenera kapena ayi. Bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse, limene linakhazikitsidwa mu 1924 ndipo tsopano limatchedwa WOAH, linafalitsa mu 2012 mndandanda wa maluso amene dokotala aliyense ayenera kukhala nawo pa tsiku loyamba la ntchito, ndipo maluso amenewa amagogomezera kuzindikira miliri, ukhondo wa chakudya ndi kasamalidwe ka nyama. Mayeso ongokopera ku maiko kumene madokotala ambiri amachiza amphaka ndi akavalo angalepheretse munthu amene Ntchisi ikumufuna, n'kudutsitsa amene sangathandize mlimi wa nkhuku khumi. Dokotala wa kuno ayenera kudziwa chitopa ndi katemera wake wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo amaperekedwa mwa kudonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku katatu pa chaka. Ayenera kudziwa kuti chigodola cha nkhumba sichichizika, kotero kuti ntchito yake ndi kulimba mtima kuletsa malonda a nkhumba ndi nyama yake ngakhale achibale ake omwe akwiye. Ayeneranso kudziwa katemera wa East Coast fever wopangidwa ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe komweko. Muyeso wotere ndi wa kuno, koma si wotsika, ndipo pa zinthu zina ndi wovuta kuposa wa maiko olemera, chifukwa dokotala wa ku Malomo amagamula yekha, labotale ili kutali.

Kwa wophunzira mwiniwake, fanizo la matalente lili ndi mbali ina imene okonda kulitchula amaiwala, yakuti wantchito amene anadzudzulidwa ndi amene analandira zochepa koposa, ndipo anadzudzulidwa chifukwa chokwirira chimene anali nacho. Kusauka kwa sukulu kumachepetsa mlandu, koma sikuuchotsa wonse. Wophunzira amene amagwiritsa ntchito tchuthi chake kuyenda ndi mlangizi wa ziweto wa kwawo, kuthandiza pa kampeni ya katemera wa agalu, kuyang'ana nyama zikamaphedwa ndi kuyezedwa pamsika wa Mponela, ndiponso kufunsana mafunso ndi anzake usiku, amakhala atapanga yekha gawo la sukulu imene boma silinamumangire. Ophunzira ambiri a ku Malawi amasala kudya ndi kukwera mapiri kukapemphera mayeso akayandikira, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino pamene ukupempha mphamvu, mtima wodekha ndi kukumbukira zimene munthu anawerenga. Umasokera pamene ukupempha Mulungu kuti adutsitse munthu pa zimene sadziwa, chifukwa pemphero lotero limapempha Mlengi kuti avulaze zolengedwa zake zina pofuna kukondweretsa mmodzi. Abusa ndi ansembe amene amapempherera ophunzira ayenera kunena zimenezi poyera, ndipo ayeneranso kukhala oyamba kuyendera amene walephera, kumuuza kuti ulemu wake pamaso pa Mulungu sunachepe, ndi kuthandiza banja lake kupeza njira yoti abwerezenso.

Mtsutso wotsiriza ndi wamphamvu kuposa yonse, ndipo umachokera kwa alimi enieniwo. Madokotala a ziweto ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ambiri a iwo ali m'mizinda ndi m'maofesi, ndipo mlimi wa kwa Chilooko angafunse ngati dokotala wodziwa theka sali bwino kuposa kusowa dokotala. Yankho lake ndi lakuti wodziwa theka amathandizadi, malinga ngati aliyense akudziwa kuti ndi theka limene akudziwa. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi magawo: pali alangizi a dipuloma, pali anthu a m'midzi ophunzitsidwa kupereka katemera wa nkhuku ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo aliyense wa iwowa ali ndi malire odziwika ndi wina womuyang'anira. Munthu wodziwa malire ake amatumiza nthenda yomukanika kwa womuposa, pamene munthu wopatsidwa dzina la dokotala popanda luso lake alibe womutumizira, ndipo dzinalo limam'kakamiza kuyerekeza kudziwa. Kuchepa kwa madokotala kumafuna kuti ophunzitsidwa achuluke ndi kuti atumizidwe m'maboma monga Ntchisi ndi malipiro owasunga kumeneko. Sikufuna kuti dzina la udokotala ligawidwe kwa osakonzeka.

Choncho bungwe la Board of Veterinary Surgery ndi aphunzitsi a ku Bunda asatsitse muyeso ngakhale pang'ono, koma aonetsetse kuti wolephera ali ndi mpata wobwereza ndi wom'phunzitsa pamene anaperewera. Aphungu a Nyumba ya Malamulo a ku Ntchisi ndi Dowa, amene anthu awo amadalira ngolo, mbuzi ndi mkaka, afunse pa nthawi yokambirana bajeti kuti ndi ndalama zingati zimene zapita ku chipatala chophunzitsira madokotala a ziweto, ku labotale ndi ku maulendo a ophunzira opita m'makola a alimi, ndipo asavomereze bajetiyo asanayankhidwe.